Makina atsopano agawa amisiri pawiri m'malokesheni a Harare

Pa Gazaland, malo okonzerapo magalimoto ku Highfield mumzinda wa Harare, pali amakaniko amene anaphunzira ntchito yawo pa magalimoto a Peugeot 404 ndi Datsun. Iwowa ankangotchera khutu injini ikamalira n'kudziwa pamene pavuta. Lero magalimoto ambiri obwera pamalopa ndi ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, monga Honda Fit, ndipo injini zake zimayendetsedwa ndi kompyuta. Ikafa galimoto yotere, amayamba aitana mnyamata wokhala ndi kachipangizo kounikira vuto. Iye amalumikiza kachipangizoko pansi pa chiwongolero, amawerenga manambala a vutolo, n'kulandira ndalama yake manja ali oyera. Kumasula ndi kumanganso, ntchito ya tsiku lonse pansi pa galimoto, kumatsalira mkulu uja, amene tsopano sangayambe ntchito popanda kuuzidwa ndi mwana wofanana ndi mdzukulu wake.

Malokesheni a Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa anamangidwira anthu ogwira ntchito za manja m'nthawi ya atsamunda. Ambiri mwa iwo anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, ena atayenda pansi masabata angapo. Anali akhukhi, osamalira maluwa, atelala, alonda ndi antchito a khonsolo, ndipo zidzukulu zawo zikuvinabe Gule Wamkulu ku Mabvuku ndi ku Mufakose. Ana awo analowa m'mafakitale a ku Southerton, Workington ndi Willowvale. Pachipata cha fakitale ankayang'ana mphamvu ndi khama. Satifiketi inali ya akalaliki okha.

Kungakhale kunamiza anthu kunena kuti makina ndiwo anatseka mafakitalewo. Ndondomeko ya chuma ya ESAP, imene inayamba mu 1991, inatsegula malire ku katundu wotsika mtengo wakunja, ndipo mu 1994 fakitale ya nsalu ya Cone Textiles ku Chitungwiza inatsekedwa, anthu pafupifupi 6,000 n'kukhala malova. Kenaka kunabwera kugwa kwa ndalama kwa mu 2008. Ochotsedwa ntchito anathawira ku Siyaso ku Mbare kukasula zitsulo, ku Glen View kukakhoma mipando, ndi kumsika wa kaunjika wa Mupedzanhamo. Kumenekonso sanapume: bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira zopezera ndalama boma litagwetsa zisakasa ndi misika mu 2005. Pofika mu 2014, kafukufuku wa ZimStat anapeza kuti anthu 94 mwa 100 alionse ogwira ntchito m'dzikomo anali pa ntchito zosakhazikika.

Zipangizo zamakono zinawapeza kumeneko, m'misika ndi m'mphepete mwa misewu, ndipo sizinawapatse mofanana. Foni ya m'manja itafala, timashopu toimbiramo lamya tinatha. Ojambula zithunzi oyendayenda ndi amayi otayipira anthu makalata anasowa makasitomala. Kampani ya magetsi itayamba kuika mamita olipiriratu mu 2012, ntchito yoyenda khomo ndi khomo kuwerenga mamita inachepa. Zonsezi zinali ntchito za anthu a maphunziro apakati, oti anafikako ku sekondale koma sanapitirire.

Ntchito zina zinabadwa, n'zoona. Kampani ya Econet itayambitsa EcoCash mu 2011, timisasa tolandirira ndi kutumizira ndalama tinadzaza pa sitolo iliyonse, ndipo munthu wodziwa kuwerengera ndi kulemba m'kaundula ankapezapo chakudya. Koma mu 2020 banki yaikulu ya dzikolo inaletsa manambala a maejenti amenewa, ponena kuti ankagwiritsidwa ntchito pa katangale wa ndalama zakunja. Chilengezo chimodzi chinakwana kutseka timisasato. Ntchito imene luso lamakono limagwetsera munthu wapansi imakhala yotero: imabwera msanga, imachokanso msanga, ndipo mwini wake sasiyidwa ndi luso lililonse loti akagulitse kwina.

Magetsi a dzuwa akuonetsa kusiyana komweku. Mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo mabanja opeza bwino anayamba kuika masola padenga. Wodziwa kuwerengera mphamvu yofunika panyumba, kukula kwa batire ndi kwa mawaya ndiye amatchula mtengo. Wonyamula makwerero ndi kuboola khoma amalipidwa ngati waganyu, ngakhale onse awiri atakulira mumsewu umodzi.

Chimene chimawalekanitsa kawirikawiri si nzeru ayi, koma mapepala. Kuti munthu alowe ku Harare Polytechnic kapena alembedwe ngati wophunzira umisiri pakampani, amafunika kukhoza maphunziro asanu a O Level, kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu. Apa m'pamene mbadwa za amtchona aja zimapunthwa kawiri. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri obadwira mu Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia akuwerengedwa ngati alendo. Malamulo aakulu a mu 2013 anabwezera unzika kwa anthu oterewa, komabe kholo lopanda chitupa limavutika kutengera mwana wake chikalata cha kubadwa. Mwana wopanda chikalatacho amavutika kulembetsa mayeso, ndipo akakula sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake. Mlangizi wa chitukuko amene akufuna kuyambitsa maphunziro a kompyuta m'dera lotere angachite bwino kuyamba wafunsa kuti ndi angati ali ndi zitupa.

Njira zina zilipo, ngakhale ndi zopapatiza. Boma la Zimbabwe limayesa amisiri amene anaphunzirira ntchito pamanja, n'kuwapatsa magiredi kuyambira Class 4 mpaka Class 1. Bungwe la Young Africa, limene linayamba ntchito ku Chitungwiza mu 1998, limapereka maphunziro a miyezi yochepa, ndipo ophunzitsa ake ndi amisiri amene akuyendetsa mabizinesi awo pamalo pomwepo. Akalipentala a ku Glen View amatumiza zithunzi za mipando pa WhatsApp n'kupeza ogula akutali, monga momwe mlimi wa tomato amayambira wafunsa mtengo wa pa Mbare Musika asanakweze katundu pa lole.

Kachipangizo kounikira magalimoto kaja nakonso si kodula moti gulu la amakaniko lingalephere kugula posonkherana, njira imene ku Zimbabwe amati mukando, yofanana ndi chiperegani cha kwathu. Chovuta chagona poti kamalemba m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo maphunziro ambiri a luso amaitana achinyamata okha. Mkulu wa zaka 55 amene injini amaidziwa kuposa aliyense pa Gazaland saitanidwako.