Banja Lolowana ndi Chuma cha Masiye

M'maboma a Machinga ndi Balaka, amene adali boma limodzi kufikira chaka cha 1998, ukwati wa makolo sukhala wa anthu awiri okha. Pamakhala ankhoswe akuchimuna ndi akuchikazi, amene amamanga banjalo, kuweruza milandu yake, ndi kuchitira umboni pa tsiku la zovuta. Komatu masiku ano pa Liwonde, pa Ntaja, pa Ulongwe ndi pa Balaka pali mabanja ambiri amene adangolowana. Mphunzitsi atumizidwa kusukulu yakutali ndi kwawo, kapena mnyamata ayamba geni ya nsomba za ku Chilwa. Apeza mkazi nalowa naye m'nyumba, chinkhoswe nkumati chidzachitika ndalama zikadzaoneka. Zaka zipita, ana abadwa, nyumba ya malata imangidwa.

Vuto limadza ndi imfa. Mwamuna akatsikira kuli chete, abale ake amafika nkufunsa kuti, "Kodi mayiwa ankhoswe awo ndani?" Yankho likasowa, njinga, mipando ndi mapepala a puloti zimayamba kutuluka m'nyumba. Mwamuna nayenso sapulumuka. Kumadera kuno ambiri amatsata chikamwini, kotero kuti mkazi akamwalira, bambo amene adamanga nyumba pa malo a kuchikazi popanda ankhoswe amasowa womuyankhulira.

Kodi lamulo likutinji? Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'ndime 22, amavomereza ukwati wa anthu amene akhalira pamodzi kwa nthawi yaitali kapena amene anthu amawadziwa ngati banja. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika ukwati wotere pambali pa maukwati a kwa D.C., a makolo ndi a chipembedzo, monga a kutchalitchi ndi a kumzikiti. Koma pali kusiyana kwakukulu. Banja lolowana silitengedwa ngati ukwati kufikira bwalo la milandu litagamula motero. Bwalolo limafuna kuti awiriwo akhale atakhalira pamodzi zaka zosachepera 5, ndipo limayang'ananso ngati adalera ana limodzi, m'mene adapezera katundu, m'mene ankathandizirana pa ndalama, ndi m'mene anthu a m'deralo ankawaonera.

Tanthauzo lake ndi lakuti wamasiye, misozi isanaume, ayenera kufunafuna mboni ndi kupita kukhoti kukatsimikiza kuti adalidi pabanja. Wosauka angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, koma mlandu umadya nthawi, katundu ali kumwazika. Ndipo amene adakhala zaka zitatu kapena zinayi zokha sangawerengedwe ngati mkazi kapena mwamuna wa malemuyo, chingakhale adaumba nawo njerwa za nyumbayo.

Ana okha ndiwo ali pabwino. Ndime 23 ya malamulo aakulu imati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, posayang'ana m'mene adabadwira. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene lidalowa m'malo mwa lija la 1967, limati munthu akamwalira wopanda wilu chuma chake chipite kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena amene ankadalira iye. Lamulo lomwelo lidakhwimitsa chilango cha olanda chuma cha masiye, kotero kuti wopezeka wolakwa angakhale kundende zaka 10.

Tsono njira yopewera zonsezi ili m'manja mwa eni ake akali moyo. Yoyamba ndiyo kulongosola ukwatiwo. Chinkhoswe sichilira phwando la mpunga ndi mbuzi. Chimene chimafunika ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo pambuyo pake ndi nzeru kukalembetsa ukwatiwo. Yachiwiri ndiyo kulemba wilu. Munthu aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo, wa mutu wabwinobwino, angathe kulemba wilu ndi kusaina pamaso pa mboni ziwiri, nazonso nkusaina. Ndi bwino kuti mbonizo zisakhale anthu olandira nawo chumacho, ndi kuti pepalalo lisungidwe pamalo odalirika. Wilu imalola munthu kutchula dzina la mnzake wa m'nyumba, ngakhale kuti bwalo lingathe kulowererapo ngati mkazi woyamba kapena ana asiyidwa padzuwa. Yachitatu ndiyo kulemba mayina onse awiri pogula puloti, ndi kusunga malisiti a malata, simenti ndi katundu wina.

Ambiri amaopa kuti kulemba wilu ndiko kuitana imfa, ena amachita manyazi kukumbutsa mnzawo za chinkhoswe. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mphunzitsi amene amalembera anzake makalata m'mudzi, ndi wachinyamata amene wangotsiriza sukulu, ndiwo oyenera kuyamba kukonza za m'nyumba mwawo, kenaka nkufotokozera makolo ndi anansi amene sadziwa kuwerenga.