Ndalama za chitukuko zimatsata kaundula

Ntchito yanga ndi yofunafuna ndalama za mabungwe othandiza anthu komanso kuyang'anira ogwira ntchito mongodzipereka. Ndikafika ku Jenda, ku Luwerezi kapena kwa Mabilabo, pempho la makomiti limakhala limodzimodzi: "Abwana, tiphunzitseni kulemba pulopozo, azungu atipatse ndalama." Ambiri amaganiza kuti chinsinsi cha ntchitoyi ndi Chingerezi chakuya komanso kudziwana ndi mzungu. Si choncho ayi. Pulopozo imabwera kumapeto, ndipo ndi kagawo kakang'ono.

Wopereka thandizo, kaya ndi mpingo wa ku Scotland kaya mwana wa m'mudzi amene ali ku Joni, amafuna amve zinthu ziwiri: eniakenu mwaikapo chiyani, nanga ndalama zomwe munalandira kale zinayenda bwanji?

Taonani zitsime za ku Embangweni. Bungwe la ku America la Marion Medical Mission linayamba ntchito yomanga zitsime zotetezedwa kumeneko mu 1990, mogwirizana ndi Sinodi ya Livingstonia. Mudzi umakumba wokha, umaumba njerwa, umatuta mchenga ndi miyala. Bungwe limabweretsa zomwe mudzi sungapeze: simenti, mapaipi ndi pampu. Ntchito imagwiridwa m'chilimwe, kuyambira cha mu Seputembala mpaka Novembala, madzi akatsika, kuti chitsime chisadzaphwe. Chikatha, mudzi umasonkha kangachepe chaka ndi chaka kuti amisiri a m'dera lomwelo azichikonza. Chitsime chilichonse chimalembedwa ndi kujambulidwa, moti wopereka ndalama amaona pomwe yapita. N'chifukwa chake ntchitoyi yapitirira zaka zoposa 30, mpaka inafika ku Zambia ndi Tanzania. Anthu a ku America aja sapereka chifukwa cha kalata yomvetsa chisoni. Amapereka chifukwa njerwa za mudzi zimakhala zaunjikidwa kale.

Pa nkhani ya kaundula ndi pomwe makomiti ambiri amagwera, ngakhale a anthu okhulupirika. Msungichuma safunika kompyuta. Kope la sukulu likwanira, bola tsamba lililonse likhale ndi tsiku, ndalama yolowa, yotuluka ndi yotsala, risiti atamata pambali. Mwagula matumba a simenti pa Boma, lembani. Mwalipira ngolo yonyamula, lembani, wangoloyo asayine kapena adinde chala. Ndalama isatuluke ndi siginecha ya munthu mmodzi. Kenako, ndipo apa ndi povuta, zonsezi ziwerengedwe mokweza pamsonkhano, agogo amene anasonkha chitini cha chimanga akumva.

Anyamata athu a ku Joni ndi opereka thandizo akuluakulu amene timawaiwala. Amasonkherana pa gulu la WhatsApp, kutumiza pa Mukuru kuti kwawo kumangidwe buloko ya sukulu kapena tchalitchi. Thukuta lawo ndi lowawa. Akasiya kutumiza timati adzikonda, pomwe angotopa ndi kufunsa osayankhidwa. Jambulani risiti tsiku lomwelo, jambulani khoma likukwera, atumizireni. Mudzaona.

Ngakhale boma limafuna zomwezi. Lamulo la mabungwe lomwe linasinthidwa mu 2022 linakhazikitsa NGORA, yoyang'anira mabungwe, ndipo bungwe lolembetsedwa limayenera kupereka lipoti la chaka ndi la chuma chake. Kagulu ka m'mudzi nako kasalumphe a nyakwawa ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC. Kuno kwa M'mbelwa ntchito yoyamba popanda mafumu kudziwa siifika patali.

Za odzipereka, mtima umandiwawa. Timawatenga ngati antchito aulere, kuiwala kuti ali ndi minda ndi ana. Mtsogoleri woitanitsa msonkhano wa tsiku lonse mu Disembala, anthu akupalira ndi kuthira feteleza, asadabwe akapeza mipando yokha. Ena amayesa kuwagwira ndi alawansi. Alawansi ikatha, nawo amatha. Chomwe ndaona chikusunga munthu ndi udindo weniweni, kuphunzira luso, ndi kutchulidwa dzina pagulu pamene wagwira bwino. Ndikudziwa mayi wina amene poyamba sankayankhula amuna akakhalapo. Anzake a banki mkhonde atamusankha kusunga kope, anayamba kuwerenga ndalama pamaso pa gulu, mawu akunjenjemera. Lero ndiye amafunsa kontilakita chifukwa chomwe malata achepera. Kukula kwa munthu pantchito yathu kumaoneka motero.

Wapampando naye amakula pophunzira kusiya. Ndimakumana ndi atsogoleri akhama zedi amene chidindo, kope ndi foni ya gulu zonse zili m'chikwama chawo. Sakuba ayi, koma akapita kumaliro ntchito imaima, ndipo akadzadwala gulu lidzatha. Ine ndikafuna kudziwa ngati gulu ndi loyenera kulipezera ndalama, ndimapempha wapampando akhale chete, mlembi ndi msungichuma afotokoze okha. Akafotokoza bwino, ndimadziwa kuti pali utsogoleri.

Choncho inu a komiti ya sukulu, ya mpingo kapena ya chitukuko, musanafune munthu wokulemberani pulopozo, itanani anthu anu mwezi uno, mutsegule kope, muwawerengere zomwe zinalowa ndi zomwe zinatuluka.