Rolling Stones: mwini ng'oma adapita, koma anthu akudzazabe mabwalo

Pa 26 Sepitembala 2021, m'bwalo lalikulu la mumzinda wa St. Louis ku America, magetsi atazimitsidwa pa nsanja padalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Kudangomveka kulira kwa ng'oma, ndipo pa makanema akuluakulu a kutsogolo padayamba kuoneka zithunzi za mkulu wina wa imvi, wovala mwaulemu, wosaseka wambawamba. Ameneyo adali Charlie Watts, amene adaimba ng'oma m'gulu la Rolling Stones kuyambira chaka cha 1963 kufikira pamene adamwalira pa 24 Ogasiti 2021, ali ndi zaka 80. Usiku umenewo anzake adaimbira khamu la anthu olipira pakhomo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni iye. Pa mpando wake padakhala munthu wina, Steve Jordan.

Kuchokera tsiku limenelo okonda gululi agawanika. Ena akuti Rolling Stones idatha pamodzi ndi Charlie Watts, ndipo zimene zatsalazi ndi dzina chabe. Ena akuti malinga Mick Jagger ndi Keith Richards akupuma ndipo angathe kuima pa nsanja, gululo lilipo. Chodabwitsa n'chakuti onse awiri, otsutsa ndi ovomereza, amakapezeka pa mzere umodzi wogula matikiti.

Kwa awerengi amene amangomva nyimbo za anthu amenewa pa wailesi kapena pa kaseti yakale ya achimwene awo, mbiri yawo mwachidule ndi iyi. Jagger ndi Richards adabadwa onse m'chaka cha 1943 m'tauni ya Dartford, pafupi ndi London. Adadziwana ali ana, adatayana, ndipo adakumananso mu 1961 pa siteshoni ya sitima, Jagger atanyamula mbale za nyimbo za anthu akuda a ku America. Nyimbo zimenezo, zotchedwa blues, ndizo zidawalumikiza ndi mnyamata wina woimba gitala, Brian Jones, amene adatcha gululo dzina lotengedwa ku nyimbo ya Muddy Waters. Adaimba koyamba pa 12 Julayi 1962 ku Marquee Club ku London. Makolo a nthawi imeneyo sadawakonde konse: tsitsi lalitali, nkhope zosamwetulira, milomo ya Jagger yokhuthala. Koma paja akulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Pofika 1965, nyimbo yawo ya Satisfaction idali itafika pamwamba ku America ndi ku Britain komwe.

Mkangano wa lerowu si woyamba. Nthawi iliyonse imene munthu wachoka m'gululi, pamapezeka okonda amene amalengeza maliro a gulu lonse. Brian Jones adachotsedwa mu Juni 1969, ndipo pa 3 Julayi adapezeka atafa m'dziwe losambiramo kunyumba kwake, ali ndi zaka 27. Patangopita masiku awiri anzake adaimba kwaulere ku Hyde Park pamaso pa anthu osachepera 250,000, naulutsa agulugufe oyera pomukumbukira. Alipo mpaka lero okalamba amene amati Rolling Stones yeniyeni idali ya Jones, woyambitsa, ndipo idathera pamenepo.

Amene adalowa m'malo mwake, Mick Taylor, adakhala zaka zisanu zokha, koma zakazo ndizo ambiri amazitcha za mafuta. Chimbale cha Sticky Fingers chidatuluka mu 1971, cha Exile on Main St. mu 1972. Taylor adali wamanyazi, ankangoima chilili pa nsanja maso ali pa gitala, koma zala zake zinkatulutsa mawu amene anzakewo sakadatha. Atachoka kumapeto kwa 1974, Ronnie Wood ndiye adabwera mu 1975. Wood tsopano watha zaka pafupifupi 50 m'gululi, komabe okonda ena amamutchula mwanthabwala kuti mnyamata watsopano. Kunena zoona, amene amalirira Taylor ali ndi mfundo. Munthu akamvetsera zimene adajambula pa makonsati a 1972 ndi 1973, n'kuyerekeza ndi za zaka za posachedwa, kusiyana kwake sikufuna katswiri. Koma Wood ali ndi china chimene Taylor adalibe: amatha kukhala ndi Richards osakangana, ndipo m'zaka za m'ma 1980, pamene Jagger ndi Richards ankanyozana poyera m'manyuzipepala, anthu ambiri amati Wood ndiye adali mkhalapakati.

Bill Wyman, woimba gitala ya besi, adatsanzika mu 1993 atatopa ndi maulendo. Darryl Jones, munthu wakuda wa ku Chicago amene adaimbapo ndi Miles Davis, ndiye wakhala akugwira ntchito imeneyo kwa zaka zoposa 30. Koma pa zithunzi za gulu saonekapo, popeza sadalembedwe kukhala membala weniweni, ndi waganyu chabe. Nkhani imeneyi imawawa okonda ena, makamaka akakumbukira kuti nyimbo zimene zidalemeretsa gululi zidachokera kwa anthu akuda.

Ndalama ndiyo nkhani ina imene imatenthetsa mitu. Konsati ya ku Hyde Park ija idali yaulere. Koma mu Novembala 2012, pokondwerera zaka 50, matikiti a malo abwino ku O2 Arena ku London adapitirira mapaundi 300 munthu mmodzi. Anthu amene adatsata gululi kuyambira ali anyamata, amene tsopano amadya ndalama za penshoni, adadandaula kuti kutsogolo kwa nsanja kwadzaza mabwana a makampani amene sadziwa ngakhale nyimbo zitatu, pamene eni chikondi akankhidwira kumbuyo kwenikweni kumene woimba amaoneka ngati nyerere. Madandaulo adamveka, koma matikiti adatha m'kanthawi kochepa. Gululo litabwereranso ku Hyde Park mu Julayi 2013, pamalo pomwe paja padali mpanda ndi chipata cholipiritsa.

Komanso zaulere zili ndi mbiri yake yowawa. Pa 6 Disembala 1969, ku Altamont m'chigawo cha California, Rolling Stones idakonza konsati yaulere kumene kudasonkhana anthu pafupifupi 300,000. Ntchito yolondera nsanja idapatsidwa kwa gulu la anyamata a njinga zamoto lotchedwa Hells Angels. Mnyamata wakuda wa zaka 18, Meredith Hunter, amene adatulutsa mfuti pa mkangano, adabayidwa ndi mpeni n'kufera pafupi ndi nsanja nyimbo ili mkati, ndipo zonsezo zidajambulidwa mu filimu ya Gimme Shelter. Amene amadandaula kuti makonsati a masiku ano ndi adongosolo mopitirira, opanda moto wa kale, ayenera kukumbukira kuti moto wa kalewo udapsereza anthu.

Kuti munthu amvetse chikondi cha okonda gululi, asayang'ane ku London kapena ku New York kumene amaliona kawirikawiri. Ayang'ane kumene anthu adadikira zaka makumi. Ku Argentina kudabadwa mtundu wa achinyamata otchedwa rolingas, odziwika ndi tsitsi lodulidwa pamphumi, kansalu m'khosi ndi malaya okhala ndi chithunzi cha lilime lofiira, chizindikiro cha gululi. Ambiri a iwo adali ana a m'makomboni a anthu osauka, ndipo adakonda gululi asanalionepo ndi maso. Litafika koyamba mu Febuluwale 1995, lidadzaza bwalo la mpira la River Plate ku Buenos Aires masiku asanu.

Mwezi womwewo, pa 24 ndi 25 Febuluwale 1995, Rolling Stones idaimba ku Ellis Park ku Johannesburg, ku Joni kumene abale athu ambiri amakagwira ntchito. Sikudali kotheka kale, chifukwa m'nthawi ya tsankho oimba a maiko ena ankapemphedwa kusaponda dziko la South Africa, ndipo Richards ndi Wood adathandizapo pa chimbale cha Sun City cha 1985 chotsutsa tsankholo. Nelson Mandela adali asanathe chaka pa mpando pamene gululi lidafika. Anthu a kumeneko amene adakula akumva nyimbozi pa mbale zokha adaona ngati chitseko cha dziko chatseguka.

Pa 18 Febuluwale 2006, pa gombe la Copacabana ku Rio de Janeiro, kudasonkhana anthu oposa miliyoni imodzi pa konsati yaulere, moti adachita kumanga mlatho wochoka ku hotela kufika pa nsanja kuti oimbawo asadutse m'khamu. Ndipo pa 25 Malichi 2016 adaimba kwaulere ku Havana, patangopita masiku ochepa Barack Obama atacheza m'dzikomo. Ana a Mozambique amene adakaphunzira ku Ilha da Juventude adziwa bwino mmene boma la Cuba linkaonera zinthu zochokera ku maiko a azungu. M'zaka za m'ma 1960 nyimbo za rock sizinkaloledwa pa wailesi kumeneko, ndipo achinyamata ankazimvetsera mobisa. Achinyamata aja ndiwo adafika pa bwalo la Ciudad Deportiva tsiku limenelo ali ndi imvi, ena atagwira adzukulu padzanja. Kwa munthu wotere, funso lakuti kaya Taylor ankaposa Wood ndi funso la anthu okhuta.

Okhutawo alipo ndithu, amene aona gululi kakhumi, ena mpaka kambirimbiri, akulitsata dziko ndi dziko. Dandaulo lawo ndi lakuti nyimbo sizisintha. Usiku uliwonse ndi Start Me Up, Honky Tonk Women, Sympathy for the Devil, Jumpin' Jack Flash, ndi Satisfaction potsekera. Iwo amafuna nyimbo zosowa, zobisika m'kati mwa zimbale zakale. Koma m'bwalo la anthu 50,000 ambiri abwera kamodzi kokha pa moyo wawo, ndipo alipira kuti amve zimene amazidziwa. Gululo limayesa kusangalatsa onse polola anthu kuvotera nyimbo imodzi pa intaneti konsati isanayambe. Nyimbo imodzi yokha. Mu 2021 lidasiya kuimba Brown Sugar, imodzi mwa zimene lidaimba kwambiri m'mbiri yake, chifukwa mawu ake amakamba za ukapolo ndi akazi akuda m'njira imene anthu ambiri lero sangailandire. Pamenepanso okonda adagawanika, ena nati adachedwa kuisiya, ena nati agonjera mantha.

Pansi pa mikangano yonseyi pali nkhani ya ukalamba, imene okonda ambiri safuna kuitchula. Mu 1975 Jagger adauza atolankhani kuti sangafune kumaimbabe Satisfaction atafika zaka 45. Adaiimba ali ndi zaka 80. Richards adagwa mumtengo ku Fiji mu 2006 ndipo adachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku New Zealand. Jagger adachitidwa opaleshoni ya mtima mu Epulo 2019, ndipo mu Juni chaka chomwecho adali akuthamanga pa nsanja ku Chicago. Ulendo wawo wa 2024 ku America udathandizidwa ndi AARP, bungwe loona za anthu a zaka 50 kupita m'mwamba, ndipo anthu adaseka kwambiri. Zala za Richards zidapindika ndi nyamakazi, ndipo masiku ena amaphonya poyambira nyimbo imene adaipeka yekha. Anthu m'bwalo amamva, koma amangokuwa mokondwa. Zikuoneka kuti chimene amalipirira si kuimba kosalakwa. Munthu amene adavina Satisfaction ali mnyamata, naika makolo ake m'manda, naika anzake ena, akaona nkhalamba inzake ikudumpha pa nsanja maola awiri amabwerera kunyumba akumva kuti nayenso nthawi yake ikadalipo. Ndipo popeza kuyambira kalekale ulendo uliwonse umanenedwa kuti ndi womaliza, palibe amene amafuna kukhala panyumba tsiku limene mawuwo adzakhale oona.

Imfa ya Charlie Watts idapweteka mosiyana ndi zina zonse chifukwa iye ndiye ankaoneka ngati sangagwe. Anzake ankatchuka ndi akazi, mowa ndi milandu ya mankhwala, pamene iye adakhala ndi mkazi mmodzi, Shirley, kuyambira 1964 mpaka imfa. Mtima wake udali pa nyimbo za jazz, ndipo ankanena poyera kuti maulendo samukondweretsa. Pa makonsati, Jagger akamatchula maina a oimba mmodzimmodzi, m'manja mwa Watts ndimo munkatenga nthawi yaitali, iye ali gwa ndi manyazi kuseri kwa ng'oma zake zochepa. Richards adanenapo kangapo m'mbuyomo kuti popanda Watts palibe Rolling Stones, ndipo mawu amenewa ndiwo otsutsa amamukumbutsa lero. Ovomereza amayankha kuti kumayambiriro kwa Ogasiti 2021, atadziwa kuti sangathe kupita pa ulendo chifukwa cha matenda, Watts mwini ndiye adalengeza kuti wapempha bwenzi lake Steve Jordan kuti amugwirire. Jordan si mlendo: adaimba ndi Richards kuyambira m'ma 1980. Amamenya ng'oma mwamphamvu kuposa Watts, ndipo ena amati wabwezera gululi liwiro limene lidali litayamba kutha, pamene ena amati kutsalira pang'ono kuja kwa dzanja la Watts, kumene kunkapatsa nyimbo kukoma kwake, sikudzamvekanso.

Mu Okotobala 2023 gululi lidatulutsa Hackney Diamonds, chimbale choyamba cha nyimbo zatsopano chitulukireni A Bigger Bang mu 2005, ndipo mu 2025 chidalandira mphotho ya Grammy. Muli alendo otchuka monga Paul McCartney, Stevie Wonder, Elton John ndi Lady Gaga, koma okonda akale sadathamangire amenewo. Adathamangira nyimbo ziwiri zimene Watts adajambula ng'oma zake mu 2019 asanamwalire. Pa imodzi mwa izo, Live by the Sword, adaitana Bill Wyman, ali ndi zaka 86, kuti adzaike besi yake pamwamba pa ng'oma za mnzake amene adali atagona kale m'manda.