Muvi ukasokera pa tchati, mwana akhoza kuchedwa kufika kuchipatala

Mukapita ndi mwana wodwala kukiliniki ya m'mudzi, kaya ndi ku Chipoka, ku Lifuwu kapena m'midzi yozungulira Senga Bay m'boma la Salima, mudzaona kuti mlangizi wa zaumoyo sathamangira kupereka mankhwala. Amayamba wafunsa mafunso, chala chili papepala lokhala ndi timabokosi ndi mivi. Musaganize kuti akuzengereza kapena sakuidziwa ntchito yake. Pepalalo ndi tchati chomutsogolera kuti asadumphe funso lililonse, ndipo muvi uliwonse ukumuuza chochita: apereke mankhwala pompo, kapena atumize mwanayo kuchipatala msanga.

Kodi matchatiwa adachokera kuti?

Kujambula ndondomeko ya ntchito ndi mabokosi ndi mizere kudayambira m'mafakitale. Frank ndi Lillian Gilbreth a ku America adaonetsa njirayi kwa akatswiri anzawo mu 1921. M'zaka za m'ma 1990, mabungwe a WHO ndi UNICEF adakonza matchati othandiza ogwira ntchito zachipatala kupima mwana wosakwana zaka zisanu. Kuno kwathu, alangizi a zaumoyo adayamba kuthandiza ana m'makiliniki a m'midzi yakutali ndi zipatala mu 2008. Amaona ana a miyezi iwiri mpaka osakwana zaka zisanu amene akudwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba.

Kunyanja kuno malungo savuta kupeza, makamaka nthawi ya dzinja pamene madzi adikha m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Tchati chomveka bwino n'chofunika ngati mankhwala enieniwo.

Momwe mungawerengere tchati

Yambani pamwamba, muzitsika. Pamatchati ambiri, bokosi wamba limanena chochita, pomwe bokosi lopendekeka, loima ndi kona imodzi, limafunsa funso. Pafunso pamatuluka mivi iwiri: wa "inde" ndi wa "ayi". Mukayankha, tsatirani muvi wa yankho lanulo basi.

Funso loyamba limakhala la zizindikiro zoopsa. Kodi mwana akukomoka? Akulephera kuyamwa kapena kumwa? Akusanza chilichonse? Wangoti lefu, sakudzuka bwino? Kodi m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati akamakoka mpweya? M'chimbudzi chake muli magazi? Yankho likakhala "inde" pa chimodzi chokha, muvi umaloza kuchipatala. Palibenso kudikira kuti kuche.

Mayankho onse akakhala "ayi", muvi umapita kufunso lotsatira. Ngati thupi latentha, mwana amayezedwa magazi a pachala. Akapezeka ndi malungo amalandira LA, yemwe amamwa kawiri patsiku kwa masiku atatu. Akapanda kupezeka nawo, LA saperekedwa. Ngati akutsokomola, mlangizi amawerenga kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Mwana wa miyezi iwiri mpaka wosakwana chaka, kupuma ka 50 kapena kuposerapo ndiye kuti akupuma mofulumira. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, malire ake ndi ka 40. Wotsegula m'mimba amapatsidwa Thanzi ORS ndi zinki.

Tangoganizani tsono kuti wina wakopera tchati chotere pa pepala lalikulu lophunzitsira, ndipo muvi wa "inde" wathera pakati pa mabokosi awiri, lina lonena kuti "tumizani kuchipatala", lina lonena kuti "perekani mankhwala kunyumba". Wowerenga, mwana ali pamiyendo ndipo kunja kukuda, adzasankha yekha. Akasankha molakwa, mwana wofunika jakisoni adzagona kunyumba.

Mukamajambula nokha

Inu mavolontiya, mamembala a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi amayi a m'magulu ophunzitsana za kasamalidwe ka ana, nthawi zina mumakopera matchati kuti muphunzitsire anzanu. Mawu ake musasinthe. Tengani amene ali pa tchati cha Unduna wa Zaumoyo. Chanu n'kusamala kajambulidwe.

Choyamba, ndandalikani mabokosi a mafunso mumzere umodzi wowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati mizere ya m'munda. Akhale ofanana kukula ndipo mipata yake ikhale yofanana. Gwiritsani ntchito rula ndi pensulo musanadutsitse cholembera.

Chachiwiri, muvi uyambire m'mphepete mwa bokosi limodzi ndipo nsonga yake ikhudze bokosi lomwe ukupitako. Usalekere m'malere.

Chachitatu, sankhani mbali imodzi ya mayankho. Ngati "inde" akupita kumanja pafunso loyamba, apite kumanja pamafunso onse, ndipo "ayi" azitsika pansi. Lembani yankholo pafupi ndi pomwe muvi wayambira.

Chachinayi, mivi isapingasane. Ikayamba kudutsana, sunthani mabokosi kapena gawani tchaticho pawiri.

Chachisanu, musadalire mtundu wokha. Bokosi lofiira ndi lobiriwira amafanana akatuluka m'makina a fotokope osatulutsa mitundu. Lembani mawu akuti KUCHIPATALA ndi zilembo zikuluzikulu.

Nanga pa kompyuta?

Amene mumakonza matchati pa kompyuta, mapulogalamu monga PowerPoint, Visio ndi draw.io ali ndi zida zothandiza, koma ambiri sazigwiritsa ntchito. Mzere wamba umangokhala pomwe mwauika, moti mukasuntha bokosi, iwo umatsala ndipo umaloza pena. Muvi wolumikizira ndi wosiyana. Mukaufikitsa pafupi ndi bokosi, timadontho timaoneka m'mphepete mwake. Mukaumata pa kadontho, umagwira, ndipo kulikonse komwe bokosilo lipite umalitsatira. Mukamaliza, gwedezani bokosi lililonse pang'ono kuti muone ngati mivi yake ikuyenda nalo.

Pondandalika mabokosi musadalire diso. Asankheni onse pamodzi, kenako dinani Align kuti akhale mumzere umodzi, ndi Distribute kuti mipata ifanane. Musanatumize tchati pa WhatsApp kapena kukachisindikiza, chisandutseni PDF, chifukwa fayilo ya Word ikatsegulidwa pa foni kapena pa kompyuta ina, mabokosi amatha kusuntha.

Chiyeseni musanachipachike

Tchati chikatha, chiperekeni kwa munthu amene sadalipo pojambula. Mupatseni chitsanzo: mwana wa miyezi isanu ndi itatu, akutsokomola, akupuma ka 55 pamphindi, akuyamwa bwino. Muuzeni atsate ndi chala, inu muli chete. Akaima n'kufunsa kuti "apa ndilowere kuti?", vuto lili pa tchati, osati pa iye. Konzani pomwepo, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu achione chisanapachikidwe.

Inu makolo, muli ndi ufulu wopempha mlangizi kuti akuonetseni pomwe mwana wanu wagwera pa tchaticho. Paja safunsa adadya phula. Tchati sichilowa m'malo mwa dokotala, koma muvi ukaloza kuchipatala, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi kuchipatala chaching'ono chapafupi kapena chachikulu cha paboma la Salima. Nyamulani buku la kuchipatala la mwanayo ndi kalata yomwe mlangizi walemba, ndipo ngati akutha kuyamwa, pitirizani kumuyamwitsa m'njira.