Sing'anga Amene Anaphunzitsidwa ndi Njala

Abale athu a ku Thyolo, inu amene mulawira mbandakucha kukathyola tiyi, ndipo pakutha pa mwezi mugulira ana buledi kapena sikono zomwera tiyi, tamverani mbiri ya sing'anga wina amene anazindikira kuti chakudya chomwechi, chimene chikhutitsa ana ambiri popanda choipa, chifooketsa ana ena owerengeka.

Dzina lake ndi Willem Dicke. Anabadwa m'chaka cha 1905 ku Dordrecht, m'dziko la Holland, ndipo mu 1936 anaikidwa kukhala mkulu wa chipatala cha ana cha Juliana mumzinda wa The Hague. M'menemo munali ana a nthenda yozunguza mutu, imene asing'anga aitcha coeliac. Mwana wotere amatsegula m'mimba kosalekeza, mimba nitupa, miyendo niwonda, ndipo sakula monga anzake, angakhale mayi wake amdyetse bwino. Sing'anga wa ku London, Samuel Gee, anafotokoza kale za nthendayi mu 1888, koma gwero lake linali lobisika.

Dicke anali munthu wodziwa kumvetsera amayi. Pomva zonena zawo anayamba kukayikira tirigu, ndipo mu 1941 analemba kuti ana otere asamadye zatirigu. Koma ambiri sanasamale mawu ake.

Imeneyo inali nthawi ya nkhondo yaikulu. M'miyezi yozizira ya 1944 ndi 1945 kunagwa njala yoopsa kuzambwe kwa Holland, kotero kuti anthu anadya ndi mizu yomwe ya maluwa, ndipo anafa pafupifupi 20,000. Buledi anasowa. Pamenepo panaoneka chodabwitsa: pomwe anthu ena anali kuwonda, ana aja a nthenda ya m'mimba anayamba kupeza bwino. Buledi atabweranso, nthenda inabweranso.

Munthu wopupuluma akadangolengeza pomwepo, koma iye anafuna umboni. Pamodzi ndi anzake awiri, Weijers ndi Van de Kamer, anadyetsa ana zakudya zoyesedwa bwino, nayesanso mafuta otuluka m'chimbudzi chawo. Akawapatsa ufa wa tirigu, mafuta otayika amachuluka, akauchotsa, amachepa. Mu 1950 anapereka zopeza zake ku sukulu yaikulu ya Utrecht, kumene pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa asing'anga a ana. Anamwalira mu 1962, ali ndi zaka 57.

Chodwalitsacho ndicho gluten, chija chimatitsa ufa wa tirigu poukanda. Chipezekanso mu barele ndi mu mbewu ina yotchedwa rye. M'kati mwa matumbo athu muli timinofu tating'ono tonga ubweya, timene tiyamwa chakudya. Mwa munthu wa nthendayi, gluten autsa thupi kuti lidzimenye lokha, timinofu tija nitifota, ndipo chakudya chingodutsa osalowa m'magazi. Pa dziko lonse, munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 100 ali nayo. Mankhwala ake ndi amodzi: kuleka zatirigu moyo wonse.

Apa ife tili ndi mwayi, pakuti chimanga, mapira, mawere, mpunga, chinangwa, mbatata, nyemba ndi nthochi zilibe gluten. Wodwala angathe kudya nsima ndi ndiwo pamodzi ndi abale ake. Asiye buledi, mandasi, masikono ndi mabisiketi. Za mkate wa pa Misa, umenenso uli wa tirigu, akambe ndi bambo mfumu, chifukwa Mpingo ulola kuti wotere alandire mkate wa gluten wochepa kwambiri, kapena alandire m'chikho mokha.

Koma chenjerani, amayi ndi abambo. Kwathu kuno mwana wotsegula m'mimba kawirikawiri avutika ndi madzi oipa, njoka za m'mimba kapena kuperewera kwa chakudya. Musagamule nokha, ndipo musam'manize zatirigu asanayesedwe, pakuti kutero kubisa nthenda poyesa magazi. Pitani naye kuchipatala msanga, ndipo mukamuuze dotolo mwatsatanetsatane zimene mwana adya, ndi masiku amene adwala. Dicke anayambira pa mawu a amayi openyetsetsa ana awo. Mawu anu nawonso angathandize dotolo kupeza nthenda.