Great Loop: chaka cha anthu awiri m'boti limodzi

Ku United States kuli ulendo wa pamadzi wotchedwa Great Loop, umene umazungulira chigawo chonse cha kum'mawa kwa dzikolo, nthawi zina kudzeranso ku Canada, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 9,700, ngakhale mtundawu umasintha malinga ndi njira imene munthu wasankha. Ambiri oyenda ulendowu ndi mabanja, mwamuna ndi mkazi wake, kawirikawiri opuma pantchito, amene amasandutsa boti la injini kukhala nyumba yawo kwa chaka chathunthu.

Chimene chimalamula kayendedwe ndi nyengo. Apaulendo amanyamuka ku Florida cha m'miyezi ya Malichi ndi Epulo kulowera kumpoto kudzera mu Intracoastal Waterway, imene ndi njira ya mitsinje, madambo ndi ngalande zokumbidwa zoyenda m'mbali mwa gombe, kotero kuti boti laling'ono silikumana kawirikawiri ndi mafunde a nyanja ya Atlantic. Akafika ku New York amakwera mtsinje wa Hudson n'kulowa mu Erie Canal, ngalande imene inatsegulidwa mu 1825, kuti miyezi yotentha iwapeze ku nyanja zikuluzikulu za kumpoto. Cha mu Seputembala amatsika kuchoka ku Chicago kudzera m'mitsinje ya Illinois, Mississippi, Ohio ndi Tennessee, kenako mu Tennessee-Tombigbee, ngalande ya makilomita 377 imene inatsegulidwa mu 1985, mpaka ku Mobile, ndipo sathamangira kufika kugombe la kum'mwera chifukwa anamondwe a kumeneko amavuta kuyambira mu Juni mpaka mu Novembala. Botilo nalo liyenera kukwana njira, popeza pafupi ndi Chicago pali mlatho wosatseguka umene mpata wake sukwana bwino mamita 6.

Mgwirizano wa anthu awiriwo umayesedwa kwenikweni pa lock, chimene ndi chipinda cha madzi chokhala ndi zitseko mbali ziwiri, chomangidwa pamene madzi a kumtunda ndi a kunsi asiyana msinkhu. Boti likalowa, zitseko zimatsekedwa, ndipo madzi amathiridwa kapena kutulutsidwa mpaka atafanana ndi a kutsogolo. Wina amakhala pa chiwongolero kusendezera boti kukhoma pang'onopang'ono, pamene mnzake amaima m'mbali atavala jekete yoyandamitsa, chingwe chili m'manja, kuti achikoletse pa chitsulo cha m'khomamo, chimene m'malo ena chimakwera ndi kutsika limodzi ndi madzi. Chingwecho sichimangidwa mfundo, chimangozungulizidwa n'kugwiridwa, chifukwa chikakodwa madzi akutsika, boti limalendewera kukhoma, n'chifukwa chake wogwira chingwe amasunga mpeni pafupi. Pa Jamie Whitten Lock, mu Tennessee-Tombigbee, madzi amatsika mamita oposa 25, ndipo nthawi yonseyo makoma onyowa a ndere amakhala akukhuza timapilo ta rabara toteteza m'mbali mwa boti. Wa pa chiwongolero sathanso kuona bwino kumbuyo, phokoso la injini limameza mawu, choncho mabanja ambiri amagwirizana zizindikiro za manja kapena amavala timawailesi ta kumakutu kuti asamakalipirane.

Pa Mississippi vuto limakhala lina. Kumeneko kumayenda zombo zonyamula chimanga, malasha ndi katundu wina, zomangidwa pamodzi n'kumakankhidwa ndi boti limodzi lamphamvu, ndipo chimtolo choterocho sichingaime msanga kapena kupatukira kaboti kakang'ono. Woyendetsa amayenera kufunsa kapitawo wa chombocho pa wailesi ya VHF mbali yoti adutsire, uku mnzake akuyang'anira zipika zoyandama.

Mwambo wofala wakuti mwamuna aziyendetsa yekha, mkazi azingogwira zingwe, uli ndi ngozi imene siyenera kuchepetsedwa, ndipo imaonekera poyera pa chigawo cha pakati pa Carrabelle ndi Tarpon Springs ku Florida. Pamenepo njira yotetezeka ya m'mbali mwa gombe imaduka, ndipo boti limadutsa panyanja penipeni mtunda wa makilomita pafupifupi 270, umene kwa boti loyenda pang'onopang'ono ndi ulendo wa usiku wonse. Apaulendo amadikira masiku angapo kuti mphepo igwe, amanyamuka masana n'cholinga chokafika dzuwa litakwera, kuti athe kuona ndi kuzemba zoyandama za misampha ya nkhanu zimene zingwe zake zimakulunga chopalasira cha injini. Usiku umenewo munthu mmodzi sangachezere yekha pa chiwongolero, motero awiriwo amasinthana, wina akugona wina akuyendetsa. Aliyense ayenera kudziwa kuwerenga mapu a pakompyuta, kuimitsa injini, kuponya nangula ndi kuitana thandizo pa wailesi, pa tchanelo 16, chifukwa mmodzi akadwala kapena kugwera m'madzi, wotsalayo ndiye ayenera kutembenuza boti n'kumutola.