Kodi yunivesite imafungatira bwanji bizinesi yotukula anthu?

Mawu oyamba

Ndimakhala ku Annandale, m'chigawo cha Virginia, kufupi ndi mzinda wa Washington. Pamsewu wa Little River Turnpike pali nthambi ya koleji ya Northern Virginia Community College, imene anthu amangoitchula kuti NOVA. Mukatsata msewu womwewo kulowera kumadzulo mumafika ku Fairfax, kumene kuli George Mason University. Ophunzira ambiri a kuno amayamba zaka ziwiri ku NOVA n'kukamalizira digiri yawo ku Mason.

Ndili m'chaka chachiwiri ndinali ndi ganizo. Azakhali anga ku Mchinji ali m'gulu la amayi olima mtedza, ndipo chaka chilichonse amagulitsa mtedza wawo kwa mavenda pamtengo wolira. Ndinkafuna kuti amayiwo azisinja nsinjiro, ine ndizizigulitsa m'masitolo a zakudya za ku Africa kuno, phindu lizibwerera kugulu. Ganizolo silinafike pamsika. Komabe pofufuza thandizo ndinaphunzira mmene mayunivesite amalerera mabizinesi a mtundu umenewu, ndipo ndi zimene ndifotokoze m'nkhani ino. Mfundo yanga ndi yakuti ndalama ndi gawo laling'ono chabe la thandizo la yunivesite. Thandizo lenileni ndi limene limakonzekeretsa bizinesi kuima payokha wophunzira akamaliza sukulu.

Tanthauzo la mawu

Mawu a Chingerezi akuti social enterprise alibe mnzake wokhazikika m'Chichewa. Tikangoti "bizinesi", womva amaganiza za mwini golosale amene akufuna phindu lake. Tikati "bungwe lachifundo", amaganiza za anthu ogawa ufa ndi mabulangete ndi ndalama zopempha. Chimene tikukamba pano chili pakati pa ziwirizi: chimagulitsa katundu kapena ntchito ngati bizinesi ina iliyonse, koma cholinga chake n'kuthetsa vuto la anthu, ndipo phindu lambiri limabwerera kuntchito yomweyo. Ine ndasankha mawu akuti "bizinesi yotukula anthu". Amene akudziwa banki m'khonde amvetsa msanga: mamembala amabwereketsana ndalama pachiwongoladzanja, koma chiwongoladzanjacho chimatsala m'gulu.

Mawu ena ofunika ndi incubator, dzina la malo amene yunivesite imasungirako mabizinesi ongoyamba kumene. Pamenepa Chichewa chili ndi mneni wabwino, "kufungatira", chimene thadzi limachita ndi mazira. Thadzi silifungatira mpaka kalekale. Pakatha masabata atatu anapiye amaswa, ndipo posakhalitsa amayamba kudzipalasira okha.

Ganizo loti yunivesite ingabale bizinesi yotere si lachilendo. Mu 1976, Muhammad Yunus, amene ankaphunzitsa za chuma pa Chittagong University ku Bangladesh, anabwereketsa madola 27 a m'thumba mwake kwa anthu 42 a m'mudzi wa Jobra, pafupi ndi sukuluyo. Ntchitoyo inakula mothandizidwa ndi ophunzira ake mpaka inakhala Grameen Bank mu 1983, ndipo mu 2006 Yunus ndi bankiyo analandira mphoto ya mtendere ya Nobel.

Njira zinayi za thandizo

Njira yoyamba ndi maphunziro. Ku Arlington, kufupi ndi Annandale, kuli likulu la Ashoka, bungwe limene Bill Drayton anayambitsa mu 1980 kuti lizithandiza anthu oyambitsa ntchito zosintha miyoyo ya anzawo. Mu 2008 bungweli linayamba kugwira ntchito ndi mayunivesite kudzera m'nthambi ya Ashoka U, ndipo Mason inali m'gulu la masukulu oyambirira. Cholinga chinali chakuti wophunzira wa unamwino, wa uinjiniya kapena wa zilankhulo azitha kuphunzira kuwerengera mtengo wa katundu ndi kulemba dongosolo la bizinesi, osati wa zamalonda yekha.

Njira yachiwiri ndi malo ndi zipangizo. Chitsanzo cha kuno ndi Honey Bee Initiative, ntchito ya ulimi wa njuchi imene aphunzitsi a ku Mason, Germán Perilla ndi Lisa Gring-Pemble, anayambitsa. Yunivesite inapereka malo oika ming'oma. Ophunzira a sayansi amafufuza za thanzi la njuchi, a zamalonda amaphunzira kugulitsa uchi, ndipo ntchitoyi inafika m'midzi ya ku Colombia ndi ku Peru kumene mabanja amapeza ndalama poweta njuchi. Wophunzira payekha sakanapeza malo otere m'dera limene lendi yake ndi yokwera chonchi.

Njira yachitatu ndi uphungu. Mason ndiyo imayang'anira maofesi a Virginia SBDC, amene amalangiza mabizinesi ang'onoang'ono kwaulere mothandizidwa ndi boma la America. Kwa ofufuza za sayansi kuli pulogalamu ya I-Corps, imene bungwe la National Science Foundation linayambitsa mu 2011. Gulu la anthu atatu, nthawi zambiri mphunzitsi, wophunzira wake ndi mlangizi wodziwa malonda, limalandira madola 50,000, koma ndalamazo si zopangira katundu. Ndi zoyendera, chifukwa gululo liyenera kucheza ndi anthu osachepera 100 amene angadzagule kapena kugwiritsa ntchito chinthucho, m'masabata asanu ndi awiri. Magulu ambiri amazindikira pamenepo kuti vuto limene ankafuna kuthetsa si limene anthu akudandaula nalo.

Uphungu wa mtundu umenewu ndi umene unaimitsa nsinjiro zanga. Mlangizi wina anandifunsa mafunso awiri: ndacheza ndi eni masitolo angati, ndipo mtedzawo udzayezedwa kuti? Funso loyamba ndinayankha mwamanyazi kuti awiri. Lachiwiri linandidzidzimutsa. Mtedza wosauma bwino umachita chuku, ndipo chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Boma la America sililola chakudya cha anthu chokhala ndi poizoniyu woposa magawo 20 pa biliyoni. Nditawerengera mtengo woyeza ndi wotumiza katundu wochepa chotero, phindu lonse linathera m'njira. Zinandiwawa, koma zinali bwino kuzimva ndisanauze amayi aja kuti asinje matumba awo.

Njira yachinayi ndi malamulo. Mphunzitsi kapena wophunzira akapanga chida chatsopano m'labotale ya sukulu, mwini wake ndani? Ku America, lamulo la Bayh-Dole la mu 1980 limalola yunivesite kukhala mwini wa luso lotuluka m'kafukufuku wolipiridwa ndi boma, ndi kupereka laisensi kwa kampani yoti ipange chinthucho, wopanga luso n'kumalandirako gawo la ndalama. N'chifukwa chake mayunivesite akuluakulu ali ndi ofesi yoona za umwini wa luso. Oyambitsa bizinesi amayeneranso kusankha mtundu wa kalembera. Maryland mu 2010 ndi Virginia mu 2011 zinavomereza mtundu wa kampani wotchedwa benefit corporation, umene umalola atsogoleri a kampani kuganizira ubwino wa anthu ndi chilengedwe pambali pa phindu la eni masheya.

Chitsanzo cha Pumani

Kuti tione njira zinayizi zikugwira ntchito pamodzi, tichoke ku Virginia tipite ku Blantyre, kumene kuli chitsanzo chokhala ndi dzina la Chichewa. Pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu, makanda ambiri obadwa masiku asanakwane ankamwalira chifukwa chobanika. Mapapo a khanda lotere amafwamphuka likatulutsa mpweya. M'maiko olemera madokotala amagwiritsa ntchito makina otchedwa CPAP, amene amakankhira mpweya pang'onopang'ono m'mphuno kuti mapapo akhale otseguka, koma mtengo wake unali madola masauzande angapo.

Ophunzira a uinjiniya a ku Rice University, mumzinda wa Houston, motsogozedwa ndi aphunzitsi awo Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, anapanga makina otchipa pogwiritsa ntchito timapampu ta mpweya timene amaika m'mabokosi a galasi oweteramo nsomba. Paipi imodzi imapita kumphuno kwa khanda, ina imamira m'botolo la madzi, ndipo kuya kwa madziwo ndiko kumakhazikitsa mphamvu ya mpweya. Madokotala ndi anamwino a ku Blantyre, kuphatikizapo Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi Dr Kondwani Kawaza, anayesa makinawa m'wodi ya makanda. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2014: mwa makanda obanika kwambiri, 71 pa 100 alionse oikidwa pamakinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 mwa olandira okosijeni yekha. Makinawa anapatsidwa dzina lakuti Pumani. Wophunzira Chichewa aone kuti mneni "kupuma" uli ndi matanthauzo awiri, kukoka mpweya ndi kusiya ntchito kwa kanthawi, ndipo "pumani" ndi lamulo laulemu.

Chofunika pankhani yathu ndi chimene chinachitika ophunzira aja atamaliza sukulu. Makinawo sanatsale pashelefu. Yunivesite inapereka laisensi kwa kampani ya 3rd Stone Design ya ku California kuti iziwapanga ndi kuwagulitsa pamtengo wotsika, ndipo anafalikira m'zipatala za boma m'Malawi ndi m'maiko ena. Aphunzitsi anakhala ulusi wolumikiza magulu a ophunzira a zaka zosiyanasiyana. Kenaka Rice ndi Polytechnic ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ndi Malawi University of Business and Applied Sciences, anatsegula chipinda chopangiramo zipangizo pa Polytechnic, kuti ophunzira a ku Malawi azipanga okha zida ndi kukonza zowonongeka. Mutu umodzi susenza denga: panafunika kalasi, labotale, chipatala, kampani ndi unduna wa zaumoyo.

Pamene thandizo limaperewera

Pali zinthu zitatu zimene ndaona kuti zimafooketsa ntchitoyi. Choyamba ndi kalendala. Digiri imatha, anzako a m'gulu amabalalika kukafuna ntchito zolipira ngongole za sukulu, pamene bizinesi imafuna zaka zambiri kuti iime. Mipikisano ya malingaliro, monga Hult Prize imene mphoto yake ndi madola 1 miliyoni, imalimbikitsa ambiri, koma opambana ndi ochepa, ndipo kulankhula bwino pamaso pa oweruza sikufanana ndi kugulitsa.

Chachiwiri chimakhudza ophunzira ochokera kunja. Amene ali pa viza ya F-1 saloledwa kugwira ntchito kunja kwa sukulu popanda chilolezo, ngakhale m'kampani yakeyake. Wophunzira wa ku Malawi kapena ku Zambia ayenera kufunsa ofesi ya ophunzira akunja asanagulitse kanthu, apo ayi angataye mwayi wake wokhala m'dziko muno.

Chachitatu ndi chilankhulo. Ngati mafunso 100 aja afunsidwa m'Chingerezi chokha, amene ayankhe ndi akuluakulu a m'maofesi, osati mlimi wa ku Mchinji kapena mayi wodikirira khanda lake ku Gulupu. Apa ndi pamene ophunzira zilankhulo za mu Africa ali ndi gawo. Gulu limene lili ndi munthu wotha kufunsa kuti "Kodi vuto lenileni n'chiyani, amayi?" ndi kumva yankho lake limapewa kupanga chinthu chimene palibe akuchifuna.

Mawu omaliza

Poyeza thandizo la yunivesite, ine ndimafunsa funso limodzi: wophunzira akavala gauni n'kuchoka, ndani adzatsegule chitseko cha bizinesiyo Lolemba lotsatira? Pumani inali ndi yankho. Nsinjiro zanga zinalibe. Nditawaimbira azakhali kuwauza za chuku, anandiyankha kuti alangizi a zaulimi anawaphunzitsa kale kuumitsa mtedza pamandela koko, ndipo chimene gulu lawo likusowa ndi wogula wa ku Lilongwe wolipira bwino mtedza wosankhidwa. Limenelo ndi funso limene ndikanayenera kuyamba nalo, ndipo ndi limene ndikufufuza tsopano.